Mayi wa Phala

Kushedi yosankhirako mtedza kunali lamulo limodzi, ndipo kapitawo ankalibwereza m'mawa uliwonse ngati kuti anthu akagona amaliiwala: njere iliyonse yokayikitsa, chotsani. Osainunkhiza, osaitembenuza kawiri, osaimvera chisoni. Yakuda, yonyala, ya chuku, ngakhale yongokuyang'ana moipa, ipite mu ndowa ya pansi pa thebulo. Azimayi makumi atatu ankakhala mizere iwiri, mitu pansi, zala zili pa liwiro, ndipo pa onsewo panalibe wa diso lakuthwa kuposa mkazi wa a Zipi. Zaka khumi ndi zinayi pa benchi imodzimodziyo, thumba lake silinabwezedwepo ndi kamodzi komwe.

A Zipi dzinalo analipezera pa khonde la sitolo ya nsalu, pomwe ankakhala ndi kabokosi ka pulayala, singano ndi kandulo, kukonza mazipi a zikwama ndi a mathalauza, ndiponso maambulera ikakhala nyengo ya mvula. Anali munthu wa nthabwala zosatha, woti kasitomala ankabwera atakwiya n'kuyamba kuseka zipi isanagwiridwe n'komwe. Mkazi wawoyo anamupatsa dzina loti Sefa, ati chifukwa palibe chodutsa pa iye osagwidwa, kaya ndi mwala mu mpunga, kaya ndi bodza la mwamuna. Padziko lonse ndi iwo okha ankamuitana choncho. Tsopano panali patatha miyezi iwiri osalitchula dzinalo, chifukwa a Zipi sankamudziwanso mkazi wawo.

Zinayamba ndi m'mimba, chinthu choti aliyense amadwala n'kuchira. Tsiku lina a Zipi anadya nsomba yokazinga ya pamsewu, n'kutsegula masiku atatu. Sefa anati nsomba basi, isalowenso m'nyumba muno. Anapezako bwino milungu iwiri. Zitayambiranso, anawafunsa kuti dzulo lake anadya chiyani, ndipo zinali nyemba. Nyemba zinatsatira nsomba. Kenako mkaka, kenako mazira, kenako nyama, ati mafuta ake. Sankachita kuganiza nthawi yaitali, ayi. Zala zomwe zija zosankha mtedza ndi zomwe zinkasankha m'mbale ya amuna ake.

Mtedza unachoka pomaliza, ndipo pamenepo ndiye panavuta. Loweruka lililonse kushedi ankawagawira osankha aja mtedza wosweka, wabwinobwino koma wosagulitsika, ndipo Sefa ankaukazinga n'kuthira kamchere. A Zipi ankauika m'thumba la malaya n'kumatafuna tsiku lonse pakhonde paja. Koma Sefa anali atakhalapo pa maphunziro a kuntchito, anaona ndi maso ake zithunzi za chiwindi cha munthu wodya mtedza wa chuku. Ndani akudziwa zomwe zimabisala m'zidutswamo?

"Iwe Sefa, mtedzanso walakwanji?" anadandaula a Zipi.

"Mukachira mudzadya thumba lonse."

"Ndichira bwanji ndi madzi oyerawa? Ngakhale mkaidi amamupatsako kanyemba."

"Mkaidi sachapitsa mkazi wake mabulangete katatu pa sabata. Imwani, lizizira."

Madzi oyerawo linali phala la ufa woyera wa chimanga, losefedwa kawiri, lopanda china chilichonse kupatula shuga. M'mawa phala ndi tiyi, masana phala la mu fulasiki, madzulo phala. Tsiku lina anawapeza ali chiimire kukhitchini, dzira laliwisi lili m'manja ngati mwana wakuba. Mawa lake Sefa anagula loko. Kabati anaikhoma, kiyi n'kumumangirira pa chingwe chofiira, chingwecho n'kuvala m'khosi, mkati mwa bulauzi.

Musafulumire kumunena mkaziyu, abale. Ankadzuka kusanache kuchapa zoipa za munthu wamkulu, n'kuyanika kuseri kuti oyandikana nawo asaone, n'kukakhala pa benchi maola asanu ndi anayi msana uli gwa. Amuna akewo ankawakonda ndithu. Kungoti ntchito yomwe ankaidziwa bwino pa moyo wake inali yochotsa, ndiye anachotsa.

Patapita miyezi, kunja kwa manja a a Zipi kunada n'kuyamba kusweka ngati chikopa cha nsapato yakale. M'khosi munazungulira mkanda wakuda, wokhakhala, wolekezera ndendende pomwe pamayambira malaya. Sefa anati ndi dzuwa la pakhonde, anakagula mafuta odzola ku famase. Za m'mimba ankagula mapiritsi pa kagolosale ka pakona. Lilime linafiira psuu, moti ngakhale buledi ankamukana okha, ndipo Sefa anati mwaonatu, thupi lenilenilo likufuna phala. La m'kamwalo analigulira mankhwala otsukira pamsika. Matenda atatu, malo atatu ogulako mankhwala, ndipo panalibe amene anamuona munthuyo yense nthawi imodzi.

Mutu unabwera pambuyo. Zinayamba kutha ndi nthabwala. Kenako a Zipi anasokera zipi chadodolido pa thalauza la mphunzitsi wina. Kenako anasoka chikwama cha mayi wina pakamwa ponse n'kumupatsa akumwetulira. Tsiku lina masana mwini sitolo anachita kuwaperekeza kunyumba, atawapeza akufunsa anthu njira ya kwawo, msewu womwe anayendamo zaka makumi awiri. Kuyambira pamenepo kabokosi kaja kanalowa kunsi kwa bedi, ndipo a Zipi anakhala pa mpando wa pawindo, maso ndwii pa khoma la nyumba ina.

Madzulo ena Sefa anawabweretsera mbale monga mwa masiku onse. Anailandira ndi manja awiri, mwaulemu, ngati mlendo.

"Zikomo mayi. Pepani, akazi anga abwera nthawi yanji?"

"Ndine ndemwe, bambo."

"Ayi, inu ndinu mayi wa phala. Ine ndikunena akazi anga."

Sefa anayembekeza kuti alira. Anaima pamenepo kudikira misozi ngati munthu wodikira madzi pa mpopi wouma, koma sikunabwere kanthu. Mumtima munangoti zii. Sankamva chisoni, sankamva mkwiyo, ngakhale mantha sankawamva. Ankadzuka, kuchapa, kuphika phala, kuwamanga mabatani, kukhoma chitseko kunja kuti asasochere, n'kupita kuntchito. Mnzake wa pa benchi akafunsa kuti bambo ali bwanji kunyumba, ankayankha kuti aliko. Funso la akazi anga lija linkabwera tsiku lililonse, nthawi zina kanayi, ndipo anasiya kulitsutsa. Ankangoti abwera posachedwa.

Mng'ono wawo wa a Zipi anali dalaivala wa lole, munthu wa mawu akulu ndi nthawi yochepa. Anafika Lolemba madzulo, anapereka moni kwa achimwene ake, iwo n'kumufunsa ngati wabwera kudzawerenga mita ya madzi. Anatuluka panja, anayenda uku ndi uku pabwalo, kenako anamuitana Sefa.

"Alamu, apa tisanamizane. Achimwene mutu wapita. Inu mukuwakhomera m'nyumba ngati mbuzi, tsiku lina adzayatsa moto muli kuntchito. Lachisanu ndibwera ndi galimoto, tikawasiye kuchipatala cha amisala. Inu mungokatenga kalata kwa dokotala, kumeneko salandira munthu popanda kalata."

"Chabwino," anatero Sefa.

"Chabwino basi? Simutsutsako n'komwe?"

"Lachisanu nthawi yanji?"

Mlamuyo anangopukusa mutu n'kukakwera lole yake. Sefa ankadziwa kuti akakawasiya kumeneko ndiye kuti za Sefa zathera pompo, dzinalo sadzalimvanso. Ankadziwa monga momwe munthu amadziwira kuti mawa ndi Lachiwiri. Analowa m'nyumba n'kuyamba kusefa ufa.

Lachinayi m'mawa anapempha tchuthi kwa kapitawo. A Zipi anawaveka malaya a manja aatali, m'khosi n'kuwakulunga mpango wake ngakhale kunkatentha, kuti anthu a mu minibasi asaone khungu lija. Pa mzere wa kuchipatala anakhala maola atatu. A Zipi anakhala phee, manja pa maondo, kupatula kamodzi pomwe anatembenukira kwa bambo wa pambali n'kumunong'oneza kuti mayi awa andigwira, mukaona akazi anga muwauze.

Dokotala anali mayi wochepa thupi, wa magalasi, wooneka kuti tiyi wa m'mawa sanamwe. Anamvetsera nkhani ya kusochera ndi ya chikwama chija, anawafunsa a Zipi kuti lero ndi lachingati, iwo n'kuyankha kuti ndi mvula. Anakoka pepala, anayamba kulemba. Ali mkati molemba, a Zipi analowetsa chala pansi pa mpango n'kuyamba kukanda.

"Kutentha konseku mpango ndi wa chiyani?" anafunsa dokotala, maso akadali pa pepala.

"Ali ndi tizilonda ta dzuwa. Ndikuwadzoza mafuta."

"Tachotsani ndione."

Sefa anamasula mpango. Dokotala anayang'ana, cholembera chinaima. Anadzuka pampando, anawapinda malaya mpaka m'zigongono, anatembenuza manja uku ndi uku, anawavula nsapato n'kuona pamwamba pa mapazi. Anawauza kuti atulutse lilime.

"Amatsegula m'mimba?"

"Mwezi wachisanu ndi chinayi uno."

"Amadya chiyani?"

Apa ndi pomwe Sefa anawongola msana, chifukwa pa zonse za m'chipindamo ichi chokha ndi chomwe ankadziwa kuti wachita bwino. Anafotokoza mwa dongosolo lake: nsomba inachoka mwezi wakuti, nyemba mwezi wakuti, mkaka, mazira, nyama. Anati sawapatsa chilichonse chokayikitsa, ngakhale alire bwanji. Phala loyera basi, losefedwa kawiri, katatu pa tsiku, ndipo kabati imakhala yokhoma.

Dokotala anabwerera pampando wake pang'onopang'ono. Pepala lija analitembenuza, zolembazo n'kuyang'ana pansi.

"Mayi, amuna anuwa si amisala. Ndi anjala."

"Amadya katatu," anatero Sefa.

"Ndamva. Tamverani. Pali vitamini wina, dzina lake nayasini. Ubongo umamufuna tsiku ndi tsiku, ngati nyale ndi mafuta. Khungu ndi matumbo chimodzimodzi. Akasowa m'thupi, khungu limapsa pomwe pamawomba dzuwa, m'mimba mumatseguka, mutu umasokonekera. Si matenda atatu, ndi amodzi, timawatcha pelagira. Mu ufa woyera wa chimanga vitaminiyu alimo wochepa, ndipo wochepayo thupi limavutika kumutenga."

"Nanga kutsegula kuja? Kunayambatu asanasiye kudya zinazo."

"Koyambako mwina inalidi nsomba. Kwa pambuyoku inali njala imeneyi. Mukachotsa chakudya matenda amakula, akakula mumachotsanso china."

Panja mwana wina ankalira pa mzere wa jakisoni, ndipo Sefa anapezeka akumvetsera kuliraku ngati kuti ndi nkhani yofunika.

"Tiwagoneka masiku angapo, tiwapatse mapiritsi ake," anapitiriza dokotala. "Koma mankhwala enieni ndi mbale. Nyama, nsomba, nyemba, mazira, mkaka, zonse zibwerere pang'onopang'ono. Ndipo chosavuta kwambiri ndi mtedza, uli naye wambiri vitaminiyu. Mtedza mungathe kumaupeza?"

Sefa anayang'ana zala zake. M'zikhadabo munali timakoko tofiira, tomwe sititha ngakhale usambe ndi sopo wotani.

"Ndimagwira ntchito yosankha mtedza," anatero.

Dokotala anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa gauni, anawavalanso.

"Abwerera?" anafunsa Sefa. "Mutuwo. Adzandidziwa?"

"Khungu ndi m'mimba zichira, zimenezo musakayike. Mutu, ena umabwerera m'masiku ochepa, ena umabwerera wosakwanira, makamaka matenda akakhalitsa. Sindikulonjezani zomwe sindikuzidziwa."

Lachisanu mlamu anafika ndi galimoto yobwereka, Sefa anamuuza ali pakhomo. Mwamunayo anakhala pa sitepe, chipewa m'manja. "Njala? M'nyumba mwa munthu wogwira ntchito? Koma alamu inu!" Anaona nkhope ya Sefa, mawu otsalawo anawameza. Sefa akanakonda akanamutukwana, mwina chikanalowako. Loweruka analandira gawo lake la mtedza wosweka, lomwe kwa miyezi yonseyi ankangomupatsa mnzake wa pa benchi. Anaukazinga, anausinja, anausakaniza m'phala chifukwa m'kamwa munali musanapole, n'kupita nalo kuwodi. A Zipi anamaliza mbale yonse n'kunyambita supuni.

"Lero ndiye mwayesetsa, mayi," anatero. "Akazi anga sanabwere?"

"Abwera posachedwa."

M'mimba munaima sabata isanathe. Khungu lakuda lija linayamba kufunduka, pansi pake pakuoneka latsopano. Anawatulutsa ndi botolo la mapiritsi, ndipo kunyumba loko uja Sefa anamuchotsa pa kabati n'kumuponya m'dirowa. Chingwe chofiira sanachivule. Sikuti anaganiza zochisunga, anangozolowera kulemera kwake pachifuwa. A Zipi ankadya ngati munthu wochokera kundende, mazira, nyemba, chiwindi Lamlungu, mtedza m'thumba la malaya. Anayamba kudziwa kuchimbudzi okha. Anamudziwa mng'ono wawo, mpaka anamunena kuti wanenepa ngati thumba la simenti. Koma Sefa akalowa, ankaimirirabe mwaulemu n'kumupatsa mpando. Sabata yachiwiri inadutsa choncho, yachitatu nayonso.

Lamlungu lina masana Sefa anakhala pa thebulo la pabalaza, lichero la mtedza wokazinga patsogolo, akupukusa makoko. Anamva kukhutchuka kwa zitsulo kuchipinda, koma sanadzuke. Patapita kanthawi a Zipi anatuluka, kabokosi kaja m'khwapa, m'manja muli chikwama cha Sefa cha kuntchito, chomwe zipi yake inafa chaka chatha ndipo ankangochimanga ndi pini. Anakhala pa mpando wa pawindo. Anapana kamutu ka zipi ndi pulayala, anapaka kandulo m'mano mwake, anakoka kupita uku, kubwerera uku. Zipi inayenda bwinobwino.

"Sefa, chikwama ichi ukuchizunziranji chonchi? Mkazi wa katswiri kumayenda ndi pini?"

Zala za Sefa zinapitiriza kupukusa. Makutu anamva, koma mutu unatenga nthawi kuti ulandire.

"Iwe Sefa, wagontha?"

Anatembenuka. A Zipi ankamuyang'ana iyeyo, m'maso mwenimweni, nsidze imodzi itakwera monga ankachitira kale akafuna kuyamba zawo zija.

"Mwati chiyani?"

"Ndati wagontha? Tabwera kuno, undipatseko mtedzawo."

Sefa anatenga lichero, anakakhala pa mkono wa mpando wawo. A Zipi anatapa mtedza dzanja lodzaza, anatafuna, kenako anayang'ana kukhomo ndi kukhitchini ngati akuopa kuti wina amva. Anatsitsa mawu.

"Koma iwe unapita kuti nthawi yonse ija? Ndinakufunsa, ndinakufunsa. Unandisiyira mayi wina wake muno, eee, Mulungu amukhululukire. Phala m'mawa, phala masana, phala madzulo. Ndimati mayi, ndili ndi njala, iye nkhope ili gwa ngati khoma. Kabati anakhoma. Kiyi ankayenda naye m'khosi, pa chingwe chofiira, ndinkachiona akawerama. Tsiku lina ndinagwada, Sefa, ine munthu wamkulu, kumupempha njere zisanu zokha za mtedza. Anandidutsa ngati sanamve."

Sefa ankalikumbukira tsikulo. Linali Lachitatu, anali atachedwa kuntchito.

"Ndinali ine," anatero.

"Chiyani?"

"Mayi ameneyo. Ndinali ine, bambo."

A Zipi anamuyang'ana kanthawi, kenako anaseka, kuseka kwawo kuja kwa pakhonde, kogwedeza mapewa, komwe m'nyumbamo munali musanamveke miyezi yambiri.

"Iwe? Aaa, usandiseketse. Iwe ndi wovuta, inde, pakamwa pako sipatsekeka. Koma sungandimane, Sefa. Iwe ayi."

Dzanja la Sefa linali litafika kale pachifuwa. Kiyi anali pomwepo, pansi pa nsalu, wofunda ndi thupi lake. Kunali kungokoka chingwe basi, aone okha. Anamugwira kiyiyo ndi zala ziwiri, ndipo pamenepo ndi pomwe chinamupweteka, koyamba pa miyezi yonseyi, kupweteka kwenikweni, moti anachita kutsegula pakamwa kuti apume.

"Mayi uja sabweranso, eti?" anafunsa a Zipi, kuseka kutatha, mawu ali ang'onoang'ono ngati a mwana.

Sefa anasiya chingwe.

"Sabweranso."

"Chabwino. Tambasula dzanja, nawenso waonda."

Anamuthira theka la mtedza wawo m'chikhatho. Pakati pake panali kanjere kamodzi konyala, kokayikitsa, ndipo chala cha Sefa chinanyamuka chokha kuti chikachotse. A Zipi anali akumuyang'ana, akudikira kuti adye.